Dzino m'bokosi la machesi

Ine ntchito yanga ndi kumezanitsa mitengo.
Kuseri kwa nyumba ku Sadzi ndili ndi timachubu mazana atatu:
mapeyala, mango, malalanje ochepa.
Ndimadula kanthambi, ndimang'amba tsinde,
ndimamanga ndi pulasitiki, ndimadikira.
Pakapita masabata, bala limaphuka masamba.

Koma nsagwada ya Esinati inandikanika.
Chotupa chinayamba ngati nyemba pansi pa dzino lakumanzere.
Tinati chiphwa chokha, tinagula panado kwa Mpondabwino,
mpaka chinafika ngati peyala losapsa.
Ku Blantyre anachichotsa pamodzi ndi fupa lomwe
ndi mano asanu,
naikamo kachitsulo kopindika ngati chogwirira ndowa.
Anabwerako wamoyo. Zimenezo sindiiwala kuthokoza.

Tsopano chimanga chootcha amangochinunkhiza.
Mayi wogulitsa mizimbe pafupi ndi mlatho wa Likangala
timamudutsa ngati tili naye ngongole.
Kukwaya anasiya, akuti mawu akutulukira pambali.
Akamaseka amaphimba pakamwa ndi nsonga ya chitenje,
ndipo ine ndimatsala ndi maso okha.

Lachinayi lapitali kuchipatala chachikulu
magetsi anazima tili m'chipinda cha mano.
A Likoswe, dokotala wachinyamata wa nsapato zafumbi,
sanatithamangitse. Anakhala pa tebulo.
Anati: kunja kuli anthu akuyesa chinthu.
M'thupi muli maselo amene sanasankhe ntchito,
ngati makanda amene sanapatsidwe dzina.
Ali m'mafuta a m'mafupa, ali m'kati mwa dzino,
ngakhale la mwana limene likugwedera.
Amawatenga, amawalera m'kambale,
amawayala pa kachimango koumbidwa ngati fupa losowalo,
n'kuwanyengerera kuti akhale nsagwada.

Ndinafunsa: ndiye kuti ndi nazale?
Anaseka. Nazale, bambo, koma yodula,
ndipo mbande zambiri zikufabe.
Musagulitse njinga. Kuno sizinafike,
ngakhale kumeneko akadayesabe.

Esinati sanayankhule mpaka pa depoti.
Minibasi ikudzaza, anati chapansipansi:
chinangwa mumadula mtengo, mumazika, chimamera.
Buluzi amaduka mchira, umabwerera.
Ife tinalakwa chiyani?
Ndinayang'ana phiri. Nkhungu inali itadya theka lake,
koma phiri limadziwa kuti mawa likhala lathunthu.

Usiku womwewo dzino la Ndaziona linaguluka,
kadontho ka magazi kali kumuzu.
Anathamangira panja kuti aliponye padenga
khwangwala amubweretsere lina.
Ndinamugwira dzanja lili m'mwamba.
Ndinaligula ndi makwacha mazana awiri
ndi lonjezo la chigumu.

Ndikudziwa.
A Likoswe ananena momveka
kuti dzino likauma ndi kamwala chabe,
kuti maselo amafuna kuzizira
kumene firiji ya pagolosale singakulote.
Ndikudziwa kuti m'bokosi la machesi simumera kanthu.
Inenso kanthambi kakagona padzuwa ndimataya.
Komabe lili pamwamba pa zenera,
pambali pa mpeni wanga womezanitsira,
ndipo nthawi zina ndimaligwedeza kukhutu
kuti ndimve likugogoda.

Ndaziona wandikwiyira sabata yonse.
Akuti khwangwala sanalandire kanthu,
akhala ndi gweru mpaka adzakwatiwe.
M'mawa uliwonse asanapite kusukulu
amayasamula pamaso pa amayi ake:
taonani, latuluka?

Lero ndinali kuthirira mbande, ndikuonera patali.
Esinati anagwada, anamutembenuzira kudzuwa,
anakhudza nkhama ndi chala.
Kanthu koyera, kakuthwa ngati njere ya mpunga,
kakuboola kokha, popanda dokotala, popanda khwangwala.
Anasiya chitenje kuti amugwire chibwano ndi manja awiri.
Anaseka, mbali imene imaseka ndi mbali imene simaseka,
ndipo anaiwala kuphimba.

Madzi anasefukira m'kachubu.
Sindinasunthe.